Box 2 ndi sukulu zina za anyamata za Akatolika: mbiri, mapointi ndi moyo wa kuchigono

Mayi wa ku Jali:
Moni nonse akuluakulu a pa gulu pano. Zotsatira za Sitandade 8 zikangotuluka, kuno kummawa dzina la Zomba Catholic limakhala pakamwa pa kholo lililonse. Ndikupempha odziwa atithandize. Sukuluyi inayamba bwanji? Mwana amalowa bwanji? Nanga chimachititsa n'chiyani kuti anyamata a m'sukulu zotere azikhoza bwino, ndipo kholo likonzekere chiyani mwana akasankhidwa?

Wokonda Mbiri:
Zikomo mayi. Ndiyambe ndi mbiri, zinazo anzanga adzaze. Kufikira chaka cha 1940, m'Nyasaland monse munalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Mwana wanzeru akamaliza Sitandade 6, amene anali mathero a pulayimale masiku amenewo, ankalowa uphunzitsi kapena ukalaliki, ndipo ochepa okha amwayi ndiwo ankapita kukapitiriza maphunziro kunja. Mipingo ya Chipulotesitanti inagwirizana n'kuyambitsa Blantyre Secondary School mu 1940. Akatolika anafuna yawoyawo, ndipo Zomba Catholic inatsegulidwa mu 1942 pansi pa ansembe a chipani cha Montfort, aja anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901. Nthawi imeneyo episkopi wa dera lonse la kummwera anali Ambuye Louis Auneau. Choncho Zomba Catholic ndi sekondale yachiwiri m'dziko muno. Boma lenilenilo linadzatsegula yake ku Dedza mu 1951.

Dzina loti Box 2 ndi keyala chabe ya ku positi ofesi ya Zomba, monga momwe a ku Dedza amadzitchulira Box 48. Musaiwale kuti Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndiye mnyamata wophunzira kumeneko ankakhala pafupi ndi maofesi a boma, ndipo kuyambira 1973 Chancellor College nayo inabwera m'tauni yomweyo. Alembi awiri odziwika, Jack Mapanje ndi Steve Chimombo, anadutsa pa Box 2.

Mkatekisiti:
Ndiwonjezerepo pa zimene achimwene anenazi, chifukwa ambiri amasokoneza ansembe ndi abulazala. Ansembe a Montfort anayambitsa, koma pambuyo pake sukulu inaperekedwa m'manja mwa abulazala a chipani cha Marist, omwe anafika m'dziko muno mu 1946 n'kukhazikika ku Mtendere m'boma la Dedza. Bulazala si wansembe. Satsogolera Misa, saperekanso sakramenti la kulapa. Amachita malumbiro atatu, a umphawi, kudzisunga ndi kumvera, ndipo ntchito yake ndi kuphunzitsa ndi kulera ana.

Chipanichi anachiyambitsa ndi Marcellin Champagnat, wansembe wa ku France, pa 2 January 1817 m'mudzi wa La Valla. Chinamukhudza ndi mnyamata wina amene anamupeza ali pafupi kumwalira asakudziwa chilichonse cha Mulungu. Champagnat anamwalira pa 6 June 1840, n'chifukwa chake sukulu za Marist zimachita chikondwerero pa 6 June. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulengeza kukhala woyera mu 1999. Mwa mfundo zimene abulazala amagogomezera, ziwiri ndizo zimaoneka ndi maso: kukhala pakati pa ana, ndi kukonda ntchito. Kukhala pakati pa ana ndiye kuti wamkulu amapezeka ku bwalo la mpira, ku holo yodyera ndi ku prep (nthawi imene ana amawerenga paokha m'kalasi), osangodikira mu ofesi kuti mlandu umupeze.

China, mayi, musasokoneze sukuluyi ndi seminale. Nankhunda ndi seminale yaing'ono ya Dayosizi ya Zomba, yolandira anyamata Achikatolika ofuna unsembe kudzera kwa bambo mfumu wa parishi yawo. Box 2 ndi sekondale ya aliyense, Mkatolika kapena ayi.

Kholo la mu PTA:
Za kalowedwe ndiyankhe ine. Sukulu ngati Zomba Catholic, Likuni Boys, Mtendere, St Patrick's ya ku Mzedi ndi Chaminade ya ku Karonga ndi za mpingo koma zothandizidwa ndi boma. Aphunzitsi ambiri amalipidwa ndi boma, pamene nyumba, malamulo ndi kayendetsedwe zili m'manja mwa mpingo. Malo a Fomu 1 amagawidwa pawiri. Gawo lalikulu amasankha ndi a Unduna wa Zamaphunziro potengera malikisi a PSLCE, mayeso a Sitandade 8 aja, ndipo mwana salembera kalata kulikonse, dzina lake limangotuluka pa mndandanda. Gawo lotsala ndi la mwini sukulu, ndipo kawirikawiri pamakhala mayeso olowera omwe amalengezedwa m'matchalitchi ndi ku maofesi a zamaphunziro a dayosizi.

Pali zinthu ziwiri zimene makolo amagwa nazo. Choyamba ndi kuchedwa kukaonekera. Mwana akapanda kufika m'masiku amene aikidwa, malo ake amapita kwa wina. Ngati fizi sinakwane, pitani nokha mukaonane ndi ahedi, musakhale phee kunyumba. Chachiwiri ndi anthu oyimba foni kuti "tumizani ndalama tikupezereni malo". Fizi imalipidwa ku akaunti ya banki yolembedwa pa kalata ya sukulu, ndipo kapepala ka kubanki muzisunga, chifukwa ndi kamene mwana amakasinthitsa ndi risiti kwa abasala.

Mwana wa Mlimi:
Pepani akuluakulu, ine ndili ndi maganizo ena. Timatama sukuluzi mopitirira. Ngati mwatenga ana amene anakhoza kwambiri Sitandade 8 m'dziko lonse n'kuwaika pamodzi, n'zodabwitsa kuti akhoze Fomu 4? Ana omwewo mutawapititsa ku CDSS akhozabe.

Mphunzitsi Wopuma:
Achimwene, mwanena zoona theka, ndipo theka limenelo tisalibise. Kusankha kumathandiza kwambiri, ndipo si chilungamo kuyerekeza sukulu yolandira ana osankhika ndi CDSS yopanda labu. Koma mwana wanzeru amaonongeka msanga ngati tsiku lake lilibe dongosolo. Tiwerengere limodzi. M'sukulu zogonera zoyendetsedwa bwino, prep yamadzulo imatenga maola awiri, ina yam'mawa ola limodzi. Maola atatu pa tsiku, masiku asanu pa sabata, ndi maola 15. Teremu ya masabata 13 ndi maola 195, osawerengera Loweruka ndi Lamlungu. Mwana woyendera maola amenewo amathera pa msewu, kudimba, kumjigo ndi kusowa nyali. Kusiyana kwake kuli pamenepo.

Koma prep payokha si mankhwala. Prep yopanda mphunzitsi woyendera imasanduka nthawi yokopera manotsi a mnzako kapena kugona pa desiki. Mnyamata azilowa prep atadziwa chochita: ola loyamba masamu, chifukwa mutu ukadali wozizira, ndipo masamu sawerengedwa ngati nyuzipepala, amasovedwa ndi pensulo m'manja. Ola lachiwiri phunziro lowerenga, ndipo mphindi khumi zomaliza atseke buku alembe zimene wakumbukira. Akalephera kulemba ndiye kuti sanawerenge, amangoyang'ana.

Mayi wa ku Jali:
Aphunzitsi, nanga nkhani ya mapointi ija imayenda bwanji? Timangomva kuti uje wapeza 9, uje 24.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayeso a MSCE amakonza ndi a MANEB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1987. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndi kulephera. Mapointi ndi kuphatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, ndiye nambala ikachepa m'pamene pali pabwino, ndipo palibe angatsike kupyola 6. Mwachitsanzo Chingerezi 2, Masamu 1, Biology 2, Chemistry 3, Physics 3, Geography 2, pamodzi ndi mapointi 13.

Tsono tamverani apa, chifukwa anyamata okonda sayansi ambiri amagwera pomwepa. Kuti mwana alowe ku yunivesite ya boma pamafunika ma credit asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chikhalemo. Mnyamata atha kukhala ndi 1 m'masamu ndi m'sayansi zonse, koma Chingerezi akapeza 7, khomo latsekeka. Akapeza 9, ngakhale satifiketi ya MSCE palibe. Ndiye mnyamata wonyoza mabuku a literature kapena kulemba chimangirizo akudzitchera yekha msampha.

Komanso mapointi okha sasankhitsa munthu. Polembera malo ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunika. Wofuna udokotala ku KUHeS amayang'anidwa pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Wofuna uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST, Masamu ndi Physics ndiye mutu wa nkhani. N'chifukwa chake kusankha maphunziro polowa Fomu 3 si nkhani yomusiyira mwana yekha. Anyamata ambiri amasiya phunziro chifukwa mnzawo wasiya, kapena chifukwa mphunzitsi wake ndi wovuta, n'kudzazindikira ali Fomu 4 kuti adzitsekera okha njira. Kholo lipite likakhale pansi ndi mphunzitsi wa kalasi zotsatira za JCE zikatuluka.

Wa ku Labu:
Pa zimene a Mwana wa Mlimi anena, ndionjezere mbali ya labu, poti m'pamene kusiyana kumaonekera poyera. Mwana amene wagwirapo burette (chubu chagalasi choyezera mankhwala amadzi) kakhumi ndi amene akuiona koyamba tsiku la mayeso sangafanane, ngakhale nzeru zawo zikhale zofanana. Malikisi amatayika pa tinthu tating'ono.

Pa titration, komwe ndi kusakaniza asidi ndi base modontheza poyeza mphamvu yake, burette itsukidwe ndi madzi kenako ndi mankhwala omwewo amene alowemo, apo ayi madzi otsalira amasungunula mankhwala ndipo yankho limasokonekera. Fanulo ichotsedwe pamwamba musanayambe kuwerenga, chifukwa imapitiriza kudontheza. Muyang'ane ngati kunsonga kwa burette kulibe thovu la mpweya. Powerenga, diso likhale molingana ndi pansi pa meniscus, kukhota kwa pamwamba pa mankhwalawo. Phenolphthalein, mankhwala osintha mtundu, madontho awiri kapena atatu akwana. Imakhala ya pinki mu base, ndipo mu asidi imasowa mtundu. Kuyesa koyamba n'kongofufuza, kenako mubwereze mpaka manambala awiri asasiyane kupyola 0.1 cm³.

Ku Biology, poyesa zakudya, ayodini amasanduka wabuluu woderako kwambiri (blue-black) pakakhala sitachi. Benedict's, woyesera shuga, sagwira ntchito osatenthetsa, ndipo chubu chiikidwe m'madzi otentha, osati pa moto weniweni, poti chimalavula. Mtundu umachoka pa buluu, kudzera pa girini ndi chikasu, mpaka kufiira ngati njerwa. Ana ambiri amalemba chigamulo pamalo a zimene aona. Funso likati lembani zimene mwaona, mulembe mtundu, osati "muli shuga". Chojambula chikhale cha pensulo yosongoka, mzere umodzi wosadukiza, osapaka mthunzi, mizere ya malebulo yolemba ndi rula ndipo isapingasane. Magnification ndi kutalika kwa chojambula kugawa ndi kutalika kwa chinthu chenichenicho, ndipo ilibe ma unit.

Ku Physics, pa pendulum musayeze kugwedezeka kumodzi. Yezani 20 kenako mugawe ndi 20, chifukwa chala chimachedwa pa wotchi. Girafu idzaze kupitirira theka la pepala, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale ndi dzina ndi ma unit.

Mwana wa Mlimi:
Pamenepo ndamva, ndipo ndikuvomera za labu ndi prep. Komabe zikundipweteka kuti zinthu zimenezi zili ndi ana ochepa chabe pamene unyinji uli ku CDSS. Nanga za chakudya? Timamva kawirikawiri kuti ana m'sukulu zogonera aswa magalasi chifukwa cha nyemba.

Woyang'anira Chigono:
Nkhani ya kukhitchini ndi yaikulu kuposa momwe makolo amaganizira, ndipo ndikunena za sukulu zogonera zonse, osaloza imodzi. Tiyerekeze sukulu ya anyamata 500. Mnyamata wa msinkhu umenewu, kuphatikiza phala lam'mawa ndi nsima kawiri, amadya pafupifupi theka la kilogalamu ya ufa pa tsiku. Ndiye makilogalamu 250, kapena matumba asanu a makilogalamu 50, tsiku lililonse. Teremu ya masabata 13 ndi masiku 91, matumba 455. Pa chaka ndi matumba opitirira 1,300, tisanawerenge nyemba, shuga, mafuta, mchere ndi nkhuni. Mukakonola chimanga kuti mupeze ufa woyera, gawo lina limapita ku madeya, n'chifukwa chake sukulu zambiri zimaphika mgaiwa kapena gramilu.

Vuto limayambira pa fizi. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu May mpaka July, ndipo sukulu yanzeru imagula cha chaka chonse nthawi imeneyo. Makolo akachedwa kulipira, sukulu imagula pang'onopang'ono pa mtengo wa mu January ndi February, ndiye tsiku la nyama limayamba kusowa pa ndandanda wa zakudya, kabichi n'kumabwera tsiku ndi tsiku.

Kenako kusunga. Chimanga chikalowa m'sitolo chisanaume bwino chimachita chuku ndipo nsima imawawa. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani chimanga pang'ono ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, khutchumulani, ndipo mchere ukamata m'mbali mwa botolo ndiye kuti sichinaume. Matumba asanjidwe pa mathandala, osakhudza pansi kapena khoma, mankhwala a anankafumbwe athiridwe motsatira muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo thumba lolowa koyamba lizituluka koyamba. Nyemba zofumbwa kapena zogonera chaka sizipsa msanga. Zikaviikidwa usiku zimapsa bwino ndipo nkhuni zimapulumuka.

Ana saswa sukulu chifukwa cha mbale imodzi ya nyemba. Amaswa pamene adandaula kangapo koma palibe wawayankha. Mankhwala ake ndi komiti ya zakudya yokhala ndi ophunzira, yoona nawo poyeza ufa m'mawa, ndiponso ahedi kuima pa asembule n'kunena zoona pamene zinthu zavuta. Anyamata amapirira njala imene aifotokozeredwa.

Mayi wa ku Jali:
Zikomo bambo. Nanga m'chikwama tiikemo chiyani?

Woyang'anira Chigono:
Tsatirani mndandanda wa pa kalata ya sukulu, chifukwa sukulu iliyonse ili ndi wake. Koma zosasowa ndi izi: yunifolomu ziwiri, nsapato zakuda, juzi, bulangeti lochindikala, zofunda ziwiri, neti ya udzudzu, ndowa, mbale, kapu, supuni, sopo wosambira ndi wochapira wokwana teremu, tochi, ndi loko wolimba. Kiyi mmodzi mwana amange m'khosi, wina asiye kwa woyang'anira chigono. Sukulu zina zimafunanso khasu kapena chikwakwa cha ntchito zamanja. Za m'kalasi musaiwale mathematical set, scientific calculator ndi dikishonale. Chovala chilichonse chilembedwe dzina ndi ulusi kapena inki yosafufutika, chifukwa pa chingwe choyanikira malaya oyera 500 amafanana onse.

Ndalama zambiri m'thumba mwa mwana wa Fomu 1 zimaitana akuba ndi anzake oipa. Chiponde, mtedza wokazinga, shuga ndi ufa wa soya zimamuthandiza kuposa ndalama. Foni musamupatse mobisa. Sukulu zogonera zambiri zimaletsa, ndipo ikapezeka chilango chimagwera mwana, pamene analakwa ndi kholo.

Namwino:
Ndiikepo za umoyo. Mwana wa mphumu, khunyu, sickle cell kapena amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kholo liuze woyang'anira chigono kapena namwino tsiku loyamba lomwe, mwachinsinsi, ndipo buku lake la kuchipatala lipite naye. Makolo ena amabisa poopa kuti mwana abwezedwa, ndiye usiku wina mwana akubanika palibe akudziwa chochita. Ku Zomba, m'munsi mwa phiri muja, June ndi July kumazizira, ndipo ndi nyengo yomweyo ya mayeso.

Malungo ayezedwe kaye asanamwe mankhwala. Akapezeka, LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Wolemera makilogalamu 35 kapena kupitirira amamwa mapiritsi anayi nthawi iliyonse, ulendo wachiwiri patatha maola asanu ndi atatu, ndipo amwe atadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono monga chiponde. Anyamata amasiya akangopeza bwino tsiku lachiwiri n'kusungira mnzawo otsalawo, malungo n'kubwereranso. Mphere zimafala pobwerekana matawulo ndi zofunda, ndipo kuchiza mmodzi n'kutaya nthawi: onse ogona moyandikana apakidwe mankhwala tsiku limodzi, zovala zichapidwe ndi madzi otentha. Nsikidzi zimabisala m'malumikiziro a bedi ndi m'misoko ya matiresi, choncho kupopera pakhoma pokha sikuthandiza. Mabedi atulutsidwe, athiridwe madzi owira, matiresi akhale padzuwa tsiku lonse.

Bambo wa ku Machinga:
Funso langa ndi la chipembedzo. Kwathu kuno ambiri ndife Asilamu, ena a CCAP. Mwana wathu akasankhidwa ku sukulu ya Akatolika, sakamukakamiza kulowa mpingo?

Mkatekisiti:
Ayi bambo, ubatizo saumiriza munthu, ndipo Ukaristia amalandira Akatolika okha. Koma ndikuuzeni zoona kuti musakadabwe: sukulu ya Akatolika imakhala ndi mapemphero a pa asembule ndi Misa za sukulu yonse pa masiku ena, monga potsegulira chaka, ndipo kawirikawiri ophunzira onse amayembekezeka kupezekapo mwaulemu. Akatolika ali ndi gulu la ophunzira la YCS, kwaya, otumikira ku guwa, Korona mu May ndi October, ndi Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse m'nyengo ya Lenti. A mipingo ina nthawi zambiri amakumana mu SCOM, bungwe la ophunzira Achikhristu, kapena m'magulu a mipingo yawo. Za swala ya Lachisanu, kusala kwa Ramadan ndi nyama ya nkhumba, mufunse ahedi maso ndi maso tsiku lokasiya mwana, kuti mudziwe dongosolo la sukulu imeneyo musanabwerere kunyumba.

Kholo la mu PTA:
Palibe watchula za kutiza a Fomu 1, ndipo mayi aja ayenera kumva. Unduna umaletsa, sukulu za mpingo zimachotsa mwana wopezeka akuchita, koma mchitidwewu umabisala usiku magetsi akazima. Umayamba ndi zazing'ono, kutumidwa kukatunga madzi, kuchapira wamkulu, kulandidwa shuga. Mwana sanena poopa kutchedwa wakazitape. Zizindikiro zake kholo litha kuziona pa tsiku loyendera ana: sopo ndi shuga zatha m'masabata awiri, bulangeti "lasowa", mwana wawonda, akupempha transifa popanda chifukwa chomveka. Musamufunse pagulu. Mutengereni pambali, ndipo mukamva kanthu mukauze woyang'anira chigono kapena ahedi, osati kukakumana nokha ndi mnyamata wolakwayo, chifukwa mukachoka mwana wanu ndiye amatsala naye.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndipo mayi, lipoti la teremu yoyamba lisakuopseni. Mwana amene ankakhala nambala 1 kuyambira Sitandade 1 akupita kokakumana ndi anzake omwe onse anali manambala 1 kwawo. Atha kubwera ali nambala 40. Musayang'ane nambala, yang'anani malikisi a phunziro lililonse, makamaka Masamu ndi Chingerezi, ndipo muone makope ake ngati akuchongedwa. Pa holide yoyamba mupatseni ola limodzi m'mawa uliwonse abwereze masamu onse amene analakwa pa mayeso a teremu.

Mayi wa ku Jali:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. A Namwino, neti ija tigule yamakona anayi kapena yozungulira, poti ndamva kuti mabedi ake amakhala osanjikiza?

Namwino:
Yamakona anayi, mayi. Pa bedi losanjikiza wogona pansi amamangirira ngodya zinayi ku zitsulo za bedi lapamwamba, pamene yozungulira imafuna mbedza kudenga ndipo imamukhudza pankhope. Mumuikire chingwe cha mamita anayi kapena asanu, singano ndi ulusi wosokera pobooka, ndipo mumuphunzitse kuipinda pansi pa matiresi asanagone.